Kuoda pa foni kapena kupitabe ku Down Shops?

Funso

Ndili ndi kantemba ku Mchini kuno ku Chipata, ndipo ndakhala nako zaka 9. Ndimagulitsa shuga, saladi, sopo, mchere, pamela, ma soya, makandulo ndi tina ndi tina. Kuoda ndimaoda ku Down Shops kawiri pa mlungu, pa holoselo imodzi yomwe anandizolowera. Mlungu watha kunabwera mnyamata wa kampani ina, akuti ndiike app pa foni, ndizioda ndili pakhomo, katundu azindibweretsera m'mawa mwake osalipira thiransipoti. Akutinso ndikaoda kangapo adzayamba kundipatsa katundu pa ngongole. Mwana wanga akuti tiyambe lero lomwe, atate ake akuti amenewo ndi akuba. Ndichite bwanji?

Amake Dalitso, Mchini

Yankho

Amake Dalitso, mwachita bwino kufunsa musanapereke NRC yanu (chitupa cha unzika) kwa munthu polembetsa. Ambiri amabwera zinthu zitavuta kale. Mwachidule ndinganene kuti lembetsani, yesani ndi katundu wochepa, koma holoselo yanu ya ku Down Shops musaitaye, ndipo ngongoleyo muisiye kaye miyezi ingapo. Ndifotokoze chifukwa chake, poti nsima ya ntchito imeneyi ndaidya zaka zambiri. Ndinayamba ndili wonyamula makatoni pa galimoto ya kanta yomwe inkagulitsa katundu m'magolosale a ku Katete, Sinda ndi Petauke, kenako ndinakhala wogulitsa, pomaliza ndinkayang'anira depoti. Ma app anandipeza ndili kale m'kati, ndipo ndinaona kuti chatsopano n'chochepa kusiyana ndi momwe anyamata ovala masikipa a kampani amanenera.

Kale wogulitsa ankayenda ndi buku, kulemba maoda golosale ndi golosale, madzulo n'kukapereka ku depoti. App yalowa m'malo mwa buku limenelo ndi miyendo ya munthuyo, basi. Kuseri kwa foni kuli zomwe zija: nyumba yosungiramo katundu, anyamata opakira, galimoto, dizilo ndi dalaivala. Mukadina oda yanu madzulo imakagwera pa kompyuta ya ku depoti pamodzi ndi maoda a anzanu a ku Nabvutika, Magazine ndi Kapata, ndipo iwo amakonza njira yoti galimoto imodzi idutse pa onsewo. Moyo wa kampani wagona pamenepo. Ngati mumsewu wanu tuntemba 15 taoda tsiku limodzi, dizilo wa ulendowo wagawanika pa anthu 15 ndipo zinthu zikuyenda. Ngati mwaoda inu nokha, winanso mmodzi ku Moth, galimoto imeneyo ikuyenda moluza, ndipo palibe bwana amene amaluza mpaka kalekale.

Ndiye mawu akuti thiransipoti ndi yaulere muwamve ndi khutu la wamalonda. Dizilo sathiridwa ndi mapemphero, alipo amene akulipira. Nthawi zina kampani imagula zambiri nthawi imodzi kwa opanga katundu, monga shuga wa ku Nakambala ku Mazabuka kapena sopo wa Trade Kings ku Lusaka, n'kupatsidwa mtengo wotsika, ndipo kusiyanako ndi kumene kumalipira galimoto. Kumeneko ndiko kuyenda bwino kwake. Nthawi zina ndalama ya thiransipoti yangobisidwa m'mtengo wa katoni. Koma kawirikawiri, makamaka kampani ikakhala yatsopano pamalo, amene akulipira ndi anthu akunja omwe anaikamo ndalama zawo poyembekezera kuti m'tsogolo zidzabala. Ndalama zimenezo zimatha.

Izi si zongoganizira. Ku Kenya kunayamba kampani yotchedwa Sokowatch, yochita ndendende zomwe mnyamata wa app uja akunenazi. Mu 2022 inasintha dzina kukhala Wasoko italandira madola 125 miliyoni kuchokera kwa oika ndalama m'makampani. Mu 2023 inalowa mu Zambia, kuyambira ku Lusaka. Chaka chotsatira, 2024, inaimitsa ntchito zake kuno ndi ku Uganda, ndipo chaka chomwecho inaphatikizana ndi kampani ya ku Egypt yotchedwa MaxAB. Inanso ya ku Kenya, MarketForce, yomwe inali ndi app yotchedwa RejaReja, inatseka malonda operekera katundu m'magolosale mu 2024 momwemo. Amenewa sanali akuba, ndipo apa atate ake a Dalitso ndikuwatsutsa pang'ono. Anali ndi madepoti enieni, magalimoto enieni ndi ndalama zoti inu ndi ine sitidzaziona. Anawakana ndi masamu. Shuga, saladi ndi ufa ndi katundu wolemera koma wa phindu lopyapyala, zomwe inu mukuzidziwa kuposa ine. Ngati zinavuta ku Lusaka komwe mafakitale ali pafupi ndipo tuntemba tathithikana, kuli bwanji kuno komwe katundu amayenda makilomita oposa 550 pa Great East Road, kuwoloka mlatho wa Luangwa, asanafike n'komwe mu depoti? Mlendo ndi mame. Mulandireni bwino, mudye naye zomwe wabweretsa, koma musagwetse nkhokwe yanu chifukwa cha iye.

Tsopano tiwerengere limodzi, chifukwa apa ndi pamene ambiri amadzinamiza okha. Mukamufunsa wa kantemba kuti belo la shuga wagula zingati, amatchula mtengo wa pa kauntala ya holoselo. Umenewo si mtengo wake. Mtengo wake ndi wa shugayo atakhala pa shelefu ku Mchini. Manambala awa ndi ongoyerekezera kuti tione njira yake, inu muikemo anu enieni. Tinene kuti popita m'tauni mwakwera njinga ya K10. Mnyamata wa wilibala wotulutsa katundu kukafika pokwerera, K10. Pobwerera ndi katundu, K50. Kantemba mwatseka maola atatu, ndipo phindu lomwe mukanapeza nthawi imeneyo tinene K40. Zonse pamodzi ndi K110, ndipo sindinawerengere banzi ndi chakumwa chomwe mwagula m'tauni dzuwa litakuwambani. Ngati mwaoda katundu wa K2,500, ndiye kuti pa K100 iliyonse mwaonjezerapo K4.40 yomwe simuilemba paliponse. Kawiri pa mlungu ndi K220, pa mwezi ikuyandikira K900. Ena lendi ya kantemba ndi yomweyo.

Mukadziwa nambala yanuyo, kuyerekeza kumaphweka. Ngati katundu yemweyo pa app wakwera ndi K2 pa K100 iliyonse, mulipira K50 yapamwamba koma mwapulumutsa K110, mwapindula K60 ndipo kantemba sikanatsekedwe. Ngati wakwera ndi K6 pa K100, mwalipira K150 yapamwamba, mwaluza K40 uku mukusekerera kuti akubweretserani pakhomo. Koma ngati mukapita m'tauni mumasiya Dalitso akugulitsa, K40 ija ichotseni pa masamuwo, ndipo app iyenera kutsika kwambiri kuti ikukomereni. Munthu wa ku Chiparamba kapena ku Mtenguleni, amene ulendo wa m'tauni umamudyera tsiku lonse, masamu ake ndi ena, ngati galimotoyo ivomera kufika kumeneko.

Poyerekezapo musayang'ane mtengo wa katoni, yang'anani mtengo wa chinthu chimodzi. Katoni ya pa app ikhoza kukhala ya zinthu 12 pamene ya ku Down Shops ndi ya 20, kapena botolo kukhala la 750ml pamene inu munazolowera lina. Pa kachithunzi ka pa foni zonse zimaoneka zofanana. Funsaninso ngati mtengo wolembedwawo waphatikiza kale VAT, yomwe kuno ndi 16 peresenti pa katundu amene amalipira msonkhowo, kuopa kuti mudzadzidzimuka lisiti litafika.

Ubwino weniweni wa kuoda pa foni, kwa ine, suli pa mtengo. Uli pa kuzungulira kwa mpamba. Chifukwa ulendo wa m'tauni ndi wodula, mumakakamizika kugula zambiri nthawi imodzi kuti ulendowo ukhale waphindu. Ndiye mabelo awiri a shuga akhala pansi pa kauntala masiku khumi, ndalama yanu yagona mmenemo, uku machesi ndi makandulo zatha Lachitatu ndipo mukubweza makasitomala. Kasitomala amene wabwezedwa kawiri amazolowera kantemba ka mnzanu, ndipo kumeneko sagula machesi okha, amagulanso mchere ndi saladi. Ngati galimoto ikubwera katatu pa mlungu, mukhoza kugula belo limodzi, ndalama ya belo linalo n'kuimwaza pa zinthu zisanu zomwe anthu amafunsa inu mulibe. Mpamba ndi womwewo, koma shelefu yadzaza ndipo ndalama sikugona. Apa ndi pamene ndaona tuntemba tikukula zenizeni. Chomwe chimaononga zimenezi ndi malire a oda. Makampani ambiri amati sabweretsa katundu wosafika ndalama zakutizakuti. Ngati malirewo ali pafupi ndi zomwe mumaoda kale pa ulendo umodzi, ubwino ndanenawu palibe, mwangosintha wokugulitsani. Funso loyamba kwa mnyamatayo likhale limeneli. Ena amagwirizana awiri kapena atatu oyandikana, kuoda pa foni imodzi n'kugawana. Zimatheka ngati muli anthu okhulupirirana monga a chilimba chimodzi, koma dzina lolembedwa ku kampani ndi la munthu mmodzi, ndipo zikavuta adzafunsa yemweyo.

Nanga holoselo yanu? Zaka 9 si masewera, Amake Dalitso. Pali zinthu zomwe munthu uja amakuchitirani zomwe simunaziike pa mtengo chifukwa simunazisowepo. Ndalama ikaperewera K200 amati tengani, mudzabweretsa Lachisanu, popanda pepala kapena chiwongoladzanja, chifukwa nkhope yanu ndiyo chikole. Amakutsegulirani katoni n'kukupatsani theka. Botolo likadontha mumabwerera nalo n'kusinthitsa. Akamva kuti saladi akwera mlungu wamawa amakunong'onezani kuti amayi, lero tengani zigubu ziwiri. Nthawi zina kambasela kamagwerapo. Mukakhala ndi maliro milungu iwiri osaoneka, mukabwerera amakufunsani za kunyumba ndipo ngongole ija saitchula tsiku lomwelo. Masitolo a kumeneko ena akhala m'manja mwa mabanja amodzimodzi mibadwo ingapo, kuyambira tauni ino ikutchedwa Fort Jameson, ndipo aona njala, kugwa kwa kwacha ndi kubwera kwa Shoprite, akadalipo. App sidziwa maliro. Tsiku lolipira likakwana, lakwana.

Akulu amati mapanga awiri avumbwitsa, koma mwambi umenewo sunaponyedwere wa golosale. Pa malonda lovumbwitsa ndi phanga limodzi. Wogulitsa akadziwa kuti mulibe kwina kolowera, mtengo amakuikirani momwe wafunira, kaya ndi wa pa foni kaya ndi wa pa kauntala. Mukakhala ndi mitengo ya pa app m'manja, ku Down Shops mumalankhula ndi mphamvu, ndipo sikulakwa kumuonetsa bwana uja foni n'kunena kuti onani, anzanu akundipatsa pamenepa. Ambiri amatsitsako. Chongofunika n'chakuti muzionekerabe kumeneko, ngakhale kamodzi pa milungu iwiri, ndipo muzigula zooneka. Mukasowa miyezi isanu n'kudzatulukira tsiku lomwe app yakukhumudwitsani, adzakugulitsani inde, koma za tengani mudzabweretsa Lachisanu zija mudzayambanso kuzipempha ngati mlendo.

Tifike pa ngongole, pomwe ndikufuna mukhale tcheru kwambiri. Makampani amenewa ambiri anazindikira kuti pa shuga palibe phindu lokwanira, phindu lili pa kukongoza. N'chifukwa chake amakuuzani za ngongole tsiku loyamba lomwe. Maoda anu oyambirira amawagwiritsa ntchito kukuyezani: mumaoda kangati, zingati, mumalipira msanga kapena ayi. Kenako foni imakuuzani kuti mwayenera kutenga katundu wa ndalama zakuti, mulipire pakatha masiku 7 kapena 14, ndi kachiwongoladzanja kooneka kochepa. Tiyerekeze kuti ndi 3 peresenti pa masiku 7. Pa katundu wa K2,000 imeneyo ndi K60. Ikumveka ngati ya sopo. Koma mukazolowera kutenga mlungu uliwonse, pa milungu 52 mwalipira K3,120, kuposa ngongole yeniyeniyo. Ndipo ngati phindu lanu pa katundu wa K2,000 uja ndi K160, mwatsala ndi K100, mwagwirira ntchito kampani masiku oposa awiri pa mlungu osadziwa. Kaloba amaoneka ndi maso chifukwa amatchula ndalama yaikulu kamodzi. Uyu amadya pang'onopang'ono ngati nankafumbwe.

Vuto lina n'lakuti masiku a app ndi masiku a makasitomala anu sagwirizana. Muli ndi kabuku ka ngongole pa kauntala, ndikudziwa, wa kantemba aliyense ali nako. Aphunzitsi ndi anamwino amalipira mwezi ukatha, aganyu amalipira akapeza. Mukatenga katundu wa masiku 7 n'kumukongoza kwa munthu wolipira pa masiku 30, tsiku la chisanu ndi chiwiri mudzakatenga kuti ndalama? Mudzatapa pa mpamba, kapena pa ya chilimba, kapena mudzakongola kwina kuti mutseke kuno. Chilango cha kuchedwa chikayamba kuwerengedwa, akaunti amaitseka, ndipo katundu amaleka kubwera nthawi yomwe mukumufunitsitsa.

Sindikuti ngongole ya katundu ndi yoipa nthawi zonse. Ili ndi nyengo yake. Kuyambira Meyi, anthu akayamba kugulitsa soya, nshawa, chimanga ndi fodya, ndalama imayenda m'Chipata ndipo katundu amatuluka msanga. Masiku a Khirisimasi chimodzimodzi. Pamenepo kutenga saladi ndi shuga zomwe mukudziwa kuti zitha m'masiku atatu ndi ndalama pamanja, n'kulipira tsiku lisanakwane, ndi nzeru. Koma Januwale ndi Febuluwale, ndalama zitalowa m'feteleza ndi mayunifolomu, aliyense akubwera ndi mawu akuti lembani, imeneyo si nthawi yokongola, ngakhale foni izilira tsiku ndi tsiku kuti akuonjezerani malire. Musanavomere, mnyamatayo akulembereni pa pepala ndalama yonse yomwe mudzabweze pa K1,000, pa tsiku lake, komanso yomwe mudzabweze mukachedwa masiku atatu. Akayamba kuzungulira, mwamva kale yankho.

Za kulandira katundu ndili ndi nkhani yanga yomwe sindinyadira nayo. Pa kampani ina yomwe ndinkagwirako ntchito, mwezi ukamatha tinkakhala ndi chiwerengero choti tikwanitse, ndipo mu depoti munkakhala makatoni a mabisiketi ndi zakumwa oti atsala milungu yochepa kuti aekisipaye. Tinkawatcha pulomoshoni, kutsitsa mtengo pang'ono n'kuwapakira pa galimoto yopita kutali, podziwa kuti akumidzi sayang'ana deti ndipo sangabwere kudzabweza. Tsiku lina ku Sinda agogo ena a golosale anandiimitsa, anatulutsa magalasi m'kathumba, n'kuyamba kutembenuza katoni iliyonse dalaivala akuliza hutala. Anabweza makatoni anayi. Sanakalipe, anangondifunsa kuti mwana wanga, amako ungawagulitse zimenezi? Kuyambira tsiku limenelo golosale imeneyo tinkaipakirira katundu watsopano yekhayekha, ndipo wakaleyo ankapita kwa osayang'ana. Kampani ya app ilinso ndi depoti, ilinso ndi katundu wokhalitsa, ilinso ndi mwezi wotha. Khalani ngati agogo aja kuyambira oda yoyamba, chifukwa opakira amadziwa msanga kuti pakhomo pakuti pamawerengedwa.

Choncho galimoto ikafika musathamangitsidwe ndi hutala. Werengani makatoni ndi lisiti m'manja, gwedezani zigubu muone ngati sizikudontha, katoni yomatidwa kawiri ndi tepi itsegulireni pomwepo. Ngati munaoda sopo wa mtundu wina iwo n'kubweretsa wina ponena kuti ujayu watha, muli ndi ufulu wokana, chifukwa amene akudziwa zomwe anthu a ku Mchini amachapira ndi inu. Chosowa kapena chophwanyika chilembedwe pa lisiti dalaivala asanachoke, ndipo mulipire zokhazo zomwe mwalandira. Mawu akuti lipirani zonse tidzakubwezerani pa oda yotsatira ndawamva kambirimbiri, ndipo ndikudziwa kumene amathera. Ngati wolandira ndi Dalitso inu kulibe, mumuphunzitse zomwezi, poti ana amachita manyazi kuimitsa akuluakulu.

Pa kalipiridwe ndipo pamene mantha a atate ake a Dalitso ali ndi maziko. Akuba enieni alipo, koma nthawi zambiri si kampani, ndi anthu obisala kumbuyo kwa dzina la kampani. Poyamba musalipire katundu musanamuone. Kampani yoona imalola kulipira katundu akafika, kaya ndi ndalama pamanja kaya pa Airtel Money kapena MTN MoMo. Mukamalipira pa foni, dzina lotuluka musanaike PIN likhale la kampani, osati la munthu. Mauthenga aja akuti tumizani ndalama ija pa nambala iyi tonse timawalandira, ndipo tsiku lomwe mukuyembekezera katundu ndi pamene angakupezeni mosavuta. PIN yanu, kapena nambala yachinsinsi yobwera pa meseji, musauze munthu, ngakhale amene akukuthandizani kuika app. Muwerengerenso zodulidwa: kuyambira 2024 boma linaika msonkho pa kutumizirana ndalama pa foni, kuonjezera pa zomwe makampani a mafoni amadula, ndiye funsani kuti pa njira yomwe akufuna muzilipirira, wodulidwa ndi ndani. Mukapereka ndalama pamanja kwa dalaivala, musamulole achoke foni yanu isanaonetse kuti mwalipira. Ndaona ngongole zikutsalira pa dzina la wa golosale ndalama italowa m'thumba la munthu.

Kuti mudziwe ngati kampaniyo ilipodi, njira yachidule ndi miyendo. Funsani kuti depoti yawo ili pati m'Chipata muno, ndipo mupite mukaione. Ngati katundu akuchokera ku Lusaka pa oda iliyonse, lonjezo la m'mawa mwake silingasungidwe. Kampani yolembetsedwa ku PACRA, bungwe lolembetsa makampani, siibisa dzina lake lonse, ndipo lisiti lake limakhala ndi TPIN, nambala ya msonkho ya ku ZRA, bungwe lotolera misonkho. Malisitiwo muzisunga, chifukwa mukadzakhala ndi dandaulo lopita nalo ku CCPC, bungwe loona za mpikisano pa malonda ndi kuteteza ogula, adzafuna pepala osati nkhani.

Pali china chomwe anthu sachiganizira. Mukamaoda pa app mumapereka zambiri kuposa ndalama. Amadziwa pamene kantemba kanu kali, zomwe mumagulitsa, kuchuluka kwake ndi masiku omwe mumasowa ndalama. Zimenezi ndi malonda kwa iwo, poti opanga katundu amafunitsitsa kudziwa kuti ku Mchini kukuyenda chiyani. Zokhazo sizindidetsa nkhawa kwenikweni. Chondidetsa nkhawa ndi app yopempha kuona manambala onse a m'foni mwanu, zithunzi ndi mameseji. Wogulitsa shuga akufuna manambala a abale anu achite nawo chiyani, ngati si kudzawaimbira mukachedwa kulipira? Dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri ya munthu, Data Protection Act ya 2021, ndipo muli ndi ufulu wofunsa kuti chithunzi cha NRC yanu akupita nacho kuti. Pamene foni ikufunsa zoti mulole kapena mukane, Dalitso asamangodina kulola pa chilichonse chifukwa cha changu.

Muyeseninso nthawi ya mvula musanamukhulupirire. Misewu ya m'makomboni mwathu ikalowa matope, dalaivala amaima pa tala n'kukuimbirani kuti bwerani mudzatenge, ndipo wilibala yomwe munati mwaithawa ija mwailipiranso. Magetsi nawo tinaona mu 2024, chilala chitachepetsa kwambiri madzi ku Kariba, momwe ankazimira maola ambirimbiri, mafoni kuzima, netiweki kugwa. Tsiku lotero wa buku ndi njinga amaoda, wa app amangoyang'ana foni.

Si katundu yense woyenera pa foni. Wolemera, wodziwika mtundu wake, wotuluka tsiku lililonse, monga shuga, saladi, sopo wochapira, mchere, mpunga ndi ma soya, ameneyo ndiye wa pa app, chifukwa ndi amene amakudyerani thiransipoti ndipo palibe choti mukasankhe ndi maso. Kapenta, nyemba, nshawa, mazira ndi mabanzi pitirizani kugula komwe mumagula, kwa anthu a ku Kapata ndi Saturday Market kapena alimi obwera okha pakhomo, poti zimenezo zimafuna kugwira ndi kununkhiza. Ufa wopimira pamela uyerekezeni padera, chifukwa thumba la 25kg mtengo wake umasinthasintha ndipo pa thumba limodzi K10 ikhoza kukhala phindu lanu lonse. Chenjerani ndi zomwe app imakuikirani pamwamba ndi zilembo zofiira kuti gulani makatoni asanu mulandire imodzi yaulere. Kawirikawiri ndi katundu watsopano amene wopanga akufuna kumulowetsa pamsika, kapena wokhalitsa uja ndanena. Ngati palibe kasitomala amene anakufunsanipo chinthu chimenecho, tengani chochepetsetsa chomwe angalole, kapena chisiyeni. Katoni yaulere ya chinthu chosayenda imangodya malo pa shelefu.

Ndikanakhala inu ndikanachita motere. Mlungu uno, popita ku Down Shops, lembani m'kabuku ndalama iliyonse yomwe yatuluka kuyambira potseka kantemba mpaka katundu atalowa, ndi mtengo wa chinthu chimodzichimodzi pa zinthu khumi zomwe zimayenda kwambiri. Kenako mnyamata uja abwere atate ake a Dalitso alipo, atsegule app pa foni yake, muyerekeze zinthu khumi zomwezo. Oda yoyamba isapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama yomwe mumaodera pa mlungu, yolipira katundu atafika. Chitani zimenezi milungu isanu ndi umodzi, ndipo pa oda iliyonse muzilemba zinthu zitatu: tsiku ndi nthawi yomwe analonjeza ndi yomwe anafika, zomwe zinasowa, ndi ngati mtengo wa pa lisiti unafanana ndi womwe munaona pa foni. Mitengo ya mwezi woyamba ndi ya chikoka, yoona imayamba kuoneka mwezi wachiwiri. Foni aziigwira Dalitso poti maso ake ndi akuthwa, koma kabukuko ndi PIN zikhale kwa inu.